Kukalemba bowa wa m'tchire ku Macanga

Gulu lathu la aphunzitsi ndi alangizi a zaulimi a ku Ulongwe linapita ku Furancungo, m'boma la Macanga ku Mozambique, mu Januwale mvula ili pakati, kukalemba mitundu ya bowa wa m'nkhalango. Za ulendo wa pa chapa (minibasi) ndisanene, matope okhaokha. Titalonjera amfumu, anatipatsa amayi achikulire oti atitsogolere, ndipo ntchito yeniyeni anagwira ndi iwowo. Ife tinangonyamula makope ndi mafoni.

Tinagwirizana kuti bowa asathyoledwe, azikumbidwa ndi tsinde lomwe, ndipo tizilemba mtengo umene uli pafupi. Amayiwo anaseka, poti iwo amayamba ayang'ana mtengo kenako pansi. Patsinde pa mombo tinapeza manyame achikasu, ndi ndelema woyera wokhala ndi kathumba kutsinde, amene akatswiri Pegler ndi Piearce anamulemba mu 1980 kuti Amanita zambiana. Bowa wotereyu amalumikizana ndi mizu ya mtengo: iye amaupatsa madzi ndi michere ya m'nthaka, mtengo umamupatsa shuga. N'chifukwa chake simungamulime m'thumba la utuchi ngati bowa wogula m'tauni.

Bowa wa pachulu, monga nyonzwe ndi manda, ali ndi nkhani yakeyake, poti amalimidwa ndi chiswe mkati mwa chulu. Mayi wina anakumba nyonzwe mofatsa, muzu wake wautali n'kutuluka wosaduka. Manda, timabowa tating'ono toyera, tinali mbwee pamene chiswe chinatayira dothi.

Tinachedwa kwambiri pa ndelema, ndipo mpake. Ali pachibale ndi Amanita phalloides, bowa wakupha, amene nayenso ali ndi kathumba kutsinde. Poizoni wake satha ndi kuphika, ndipo munthu amatha maola 6 kapena kuposa ali bwinobwino chiwindi chikuwonongeka. Mnyamata wina wa m'gulu mwathu anati foni ikhoza kutiuza dzina tikangojambula. Agogo ena anamuyankha kuti, "Mwanangu, foniyo imanunkhiza?" Ine ndili kumbali ya agogo. Iwo amaona mtundu, fungo, mkaka wotuluka ukamuswa, komanso malo amene amathyola chaka ndi chaka, ndipo amene sakumudziwa amamusiya.

Chimene sichinandisangalatse ndi mbali ina ya phiri kumene mitengo inathera m'zigafa za fodya ndi m'mauvuni a makala. Tinayenda mtunda ndithu osaona manyame, pamene amayi amati kale ankadzaza madengu pomwepo.

Madzulo tinavundikira zipewa za bowa pa mapepala kuti m'mawa tione mtundu wa fumbi la mbewu zake: ndelema anasiya loyera, nyonzwe lofiirira pang'ono. Panatsala bowa wina wofiira wa pansi pa msuku amene amayi a midzi iwiri anatsutsana, ena akuti ndiwo, ena akuti chirombo. Tinamuyanika, n'kulemba mayankho onse awiri, ndipo mumphika sanalowe.