Masiku asanu ndikuthamanga m'mapiri a ku Chipata

Basi inanyamuka pa Intercity ku Lusaka kusanache, ndipo tinalowa mu Chipata dzuwa litapendeka, makilomita oposa 550 a Great East Road ali kumbuyo. Pa mlatho wa Luangwa ndinagulira amalume nsomba zouma, pakuti kwa akuluakulu sitipita chimanjamanja. M'chikwama munalinso nsapato zanga zothamangira. Ku Lusaka ndimathamanga katatu pa sabata, ndipo sindinafune kuti masiku asanu okhala kwa amalume ku Kapata, dera la mu Chipata, andidule mwendo.

Amalume ataziona nsapatozo anazitembenuza, kuyang'ana kunsi kwake, kenako anati, "Mphwanga, kuno msewu uliwonse uli ndi chikweza chake. Ukayambe pang'onopang'ono." Ndinati ndamva, amalume.

Unali mwezi wa July, kuzizira kolowa m'mafupa. Tsiku loyamba ndinatuluka cha m'ma 5:30, kuitana kwa ku mzikiti kutangomveka kuchokera m'tauni. Ndinatenga Umodzi Highway kulowera ku Mwami, kumalire ndi Malawi, komwe ndi mtunda wopitirira pang'ono makilomita 20. Ine ndinabwerera nditatha asanu okha. Nthawi imeneyo msewu ndi wa njinga. Zimabwera mondondozana kuchokera kumidzi, ina matumba atatu a makala, ina madengu a tomato, ina mbuzi yomangidwa pakaliyala ikulira. Njinga yolemedwa chonchi ikakhala pamtsetse siima msanga, ndiye wopatuka ndi iwe. Thamangani kudzanja lamanja kuti galimoto muziziona zikubwera, makamaka malole opita kumalire, ndipo zomvera nyimbo m'makutu zisiyeni kunyumba. Mluzu wa wanjinga ndi umene ungakupulumutseni.

Pobwerera ndinamva akatumba akukoka. Ena amati ndi mpweya wa kumapiri, koma si choncho ayi. Mizinda yonse iwiri ili pamwamba pa mamita 1,000, ndipo Lusaka ndiye wakwererapo kuposa Chipata. Kusiyana n'kwakuti Lusaka ndi see ngati mphasa, pamene Chipata anakhala m'mbale, mapiri atamuzungulira. Ukatsika kuno ukakwera uko, miyendo sipeza popumira.

Tsiku lachiwiri ndinakwera Kanjala, phiri limene limaonekera pafupifupi paliponse m'tauni. Anandiperekeza msuweni wanga, mnyamata wosewera mpira. Musapite nokha ulendo woyamba, tinjira ndi tambiri ndipo tina timangothera m'munda mwa munthu. M'munsi mumathamangika bwino, dothi lofiira lolimba. Mukakwera pang'ono miyala imayamba kuyenda pansi pa phazi, ndipo pamenepo kuyenda si manyazi. Msuweni wanga anandiphunzitsa kufupikitsa mapazi, thupi kuweramira phiri pang'ono, maso pansi. Potsika ndiye pofunika nzeru zonse, chifukwa bondo ndi kakolo zimavulalira potsika.

Tili pakati pa chikweza tinakumana ndi amayi atatu akutsika, mitolo ya nkhuni pamutu, mmodzi mwana ali kumbuyo. Tinapatuka.

"Mwauka bwanji, amayi?"

"Tauka, kaya inu ana anga. Mwathawa chiyani kumusiku?"

Anaseka, ifenso tinaseka, iwo n'kupitirira osagwira ngakhale mtolowo ndi dzanja. Ndinaima kuwayang'ana mpaka anakhota. Phazi lawo linkadziwa mwala uliwonse, atavala mapatapata okha.

Pamwamba tinafika dzuwa litangotuluka. Tauni yonse inali pansi pathu, utsi wa mbaula utayala pamwamba pa malata ngati nsalu yopyapyala, nsanja za mzikiti zikutulukira, msewu ukuloza kum'mawa pakati pa mapiri. Ndipamene ndinamvetsa dzinali. Kale ankati Fort Jameson, koma malowa ndi chipata ndithu, polowera ndi potulukira.

Koma chimene chinandigwira mtima sichinali kutaliko, chinali pamapazi panga. Zitsa. Paliponse zitsa, zina zakale zakuda, zina zaziwisi nkhwangwa itangodutsa. Tchire linali litatenthedwa kale, phulusa likumata m'masokosi, ndipo m'mbali mwa njira madzi a mvula anakumba zigwembe zofika m'chiuno. Madzulo ndinawauza amalume. Anakhala chete kaye, kenako anati ali anyamata ankakwera mapiri amenewa kukatola masuku, ndipo dzuwa silinkawapeza mpaka pamwamba. Sindingaloze chala amayi aja, ngakhale abambo a njinga za makala. Makala amenewo timagula ndife a m'tauni, magetsi akathima tonse timathamangira mbaula. Nsima imene ndinadya usiku umenewo inaphikidwa pa makala omwewo. Komabe zimawawa kuthamanga paphiri lopanda mthunzi ukudziwa kuti mthunziwo unalipo.

Tsiku lachitatu ndinapumula, miyendo inafuna choncho.

Njira imene ndinaikonda kwambiri ndinaipeza tsiku lachinayi. Kumadzulo kwa tauni, pafupi ndi chipilala cholandirira alendo, msewu wa ku Mfuwe umapatuka kulowera ku South Luangwa. Mukautsata pang'ono mumapeza tinjira tafumbi topita kumidzi, tofewa kumapazi, tokwera ndi kutsika mwaulemu. Minda inali itakololedwa, ng'ombe zikudya mapesi, pakhomo pena mtedza utayanikidwa. Ana ena ataona munthu akuthamanga anayamba kukuwa kuti, "Muzala! Muzala!" n'kunditsatira chopanda nsapato. Amanena Muzala Samukonga, amene anatibweretsera mendulo ya bronze pa mpikisano wa mamita 400 ku Olympics ya ku Paris mu 2024. Kamtsikana kena kanandiperekeza mtunda wautali osapuma mwabefu ngakhale pang'ono. Ndinakafunsa ngati kusukulu kwawo amathamanga. Kanati nthawi ya masewera yokha.

Kumudzi munthu sudutsa pakhomo ngati mphepo. Umachepetsa liwiro, kupereka moni, ndipo njira ikalowa pabwalo la munthu umati odi. Agalu akakutsata usathawe, ima, mwini wake awaitana. Ndipo mukaona kankhalango kowirira kali pakokha pakati pa minda, musadutsemo pofuna mthunzi. Kawirikawiri amakhala manda, ndipo m'midzi ya Achewa malo otere amakhudzanso a Gule Wamkulu. Ine ndinaima patali n'kuyang'ana mitengoyo, italiitali, yakale, nkhwangwa isanaikhudzepo. Mtunda wonse umene ndinathamanga m'mawa umenewo, mitengo ikuluikulu yochuluka chonchi ndinaiona pamanda pokha.

Madzi anandithera pobwerera. Agogo ena amene ankasesa pakhomo anandiitana, "Bwerani kuno mdzukulu wanga, mukomoka." Anandipatsa thobwa m'kapu yapulasitiki, lozizira, lamisere pansi. Ndinalandira ndi manja awiri nditanjuta. Ndalama anakana.

Wofuna kuyesa njirazi abwere pakati pa May ndi August. Mu October dzuwa limaotcha kuyambira m'mawa, ndipo mvula ikayamba dothi lofiira lija limaterera ngati therere, udzu n'kutseka tinjira. Nyengo yadzuwa samalani chitedze m'mbali mwa njira, chikakukhudzani kuthamanga kwathera pomwepo.

M'mawa wotsiriza ndinabwereranso ku Kanjala, ndekha tsopano. Pafupi ndi pamwamba ndinaona chitsa chimodzi chitaphukira, timasamba tanthete, mphukira zinayi zofika m'bondo. Ndinatola miyala n'kuzungulira pamenepo kuti phazi la munthu lisapondepo. Nditawauza amalume, anandifunsa mbali imene chili, n'kunena kuti Loweruka akwera ndi msuweni wanga akaone ngati uli msuku.