Pa njinga yamoto kuwoloka mlatho wa zitsulo kupitirira Nyimba

Munthu amene anaphunzirira kuyendetsa njinga yamoto mu Lusaka amakhala ndi dzanja lofulumira kugwira buleki, chifukwa tsiku lililonse amalimbana ndi maminibasi amene amaima paliponse pamene aona wokwera, kuyambira ku Kulima Tower mpaka ku Chelston. Chizolowezi chimenecho chimapulumutsa moyo m'tauni, koma pa mlatho wa zitsulo zolukanalukana n'chimene chimagwetsa anthu. Mu Disembala ine ndi mlamu wanga tinanyamuka pa njinga yanga ya Boxer kupita kumudzi kwa apongozi, kupitirira Nyimba, kukatula mbewu ya chimanga ndi ndalama ya feteleza, ndipo mlatho woterewu unali panjira pathu.

Za msewu wa Great East sindinena zambiri. Pa yunivesite ya UNZA tinadutsa kusanache bwino, ku Chongwe tinapeza amalonda akungoyala katundu, ndipo kuchokera ku Rufunsa msewu unayamba kukhotakhota m'mapiri mpaka kutsetserekera ku mtsinje wa Luangwa. Mlatho wa pa Luangwa, umene unatsegulidwa mu 1968 ndipo umagwiridwa ndi zingwe zachitsulo zochokera pa nsanja ziwiri, ndi wochititsa kaso koma suvutitsa woyendetsa njinga, pakuti pamwamba pake m'posalala. Tinamwa tiyi pa msika wa pafupi ndi mlathowo, pakati pa milu ya nsomba zouma ndi madengu, kenaka tinapitiriza.

Titapatuka pa tara, msewu wafumbi unatitsitsira ku kamtsinje kamene m'chilimwe anthu amangokadumpha, koma mvula ikayamba kamadzaza mpaka m'magombe. Pamenepo pali mlatho wodutsa galimoto imodzi, wa mtundu uja wolumikiza zidutswa zachitsulo ndi mapini, umene Donald Bailey wa ku Britain anaukonza pa nthawi ya nkhondo yachiwiri ya dziko lonse kuti asilikali azitha kuumanga msanga popanda makina olemera. Milatho yambiri ya mtundu umenewu ankaiyala matabwa, koma uwu unayalidwa zitsulo zokhala ndi mabowo, ngati waya wowotcherapo chimanga pa mbaula. Ndinatsika kuti ndiuyang'ane. Pansi pa nsapato zanga madzi ofiira ankaoneka akuthamanga, m'mabowo ena munali matope ouma ndi zikonyo za chimanga, ndipo m'njira mmene mumaponda matayala zitsulozo zinali zitapekeseka mpaka kunyezimira.

Omanga milatho ali ndi zifukwa zawo zoyalira zitsulo zoterezi, ndipo ndi zifukwa zomveka. N'zopepuka kusiyana ndi konkire, madzi ndi matope zimagwera pansi m'malo mokhazikika pamwamba, komanso siziwola kapena kudyedwa ndi chiswe monga amachitira matabwa. Pa milatho ikuluikulu pali chifukwa chinanso, chimene ndi mphepo. Mlatho wa Tacoma Narrows ku America unagwa mu 1940 mphepo itaupotokola, ndipo pamene ankamanga mlatho wa Mackinac ku Michigan, umene unatsegulidwa mu 1957, anayala zitsulo za mabowo m'njira ziwiri zapakati kuti mphepo izipyola. Kumeneko oyang'anira mlathowo amapereka munthu wowolotsa galimoto za madalaivala amene agwidwa ndi mantha, ndiye amene mtima umamugunda pa kamlatho ka kwathu asadzione ngati wopepera.

Chimene chimachitika njinga ikakwera pamenepo ndi ichi. Tayala lakutsogolo silipondanso pamalo amodzi athyathyathya, koma pa mizere yopyapyala yachitsulo, ndipo mapanga a tayalalo amagwira mzere uwu, n'kuutaya, n'kugwira wina. Chiwongolero chimayamba kugwedezekera uku ndi uku, njinga imakhala ngati ikufuna kudzisankhira njira, ndipo matayala amalira mokweza moti munthu amaganiza kuti china chake chathyoka. Komatu njinga yamoto inapangidwa mwa njira yoti ikamayenda, tayala lakutsogolo limabwerera lokha pakati likapatuka pang'ono. Woyendetsa akaumitsa mikono n'kufinya chiwongolero, amaliletsa kubwerera, ndipo kugwedezeka konse kumadutsa m'mapewa mwake n'kufika ku njinga yonse. Akawonjezera kugwira buleki yakutsogolo pa chitsulo choterera, zinthu zimatha mofulumira kwambiri.

Mnyamata wina wonyamula anthu pa njinga, amene anatipeza tili chilili, anazinena mwachidule kuposa ine.

“Akulu, musailimbitse. Isiyeni ivine, imadziwa yokha kumene ikupita. Inu maso tsidya lija basi.”

Iye anawoloka ndi mayi wobereka mwana kumbuyo kwake ndi thumba la ufa patsogolo, ndipo ndinaonetsetsa kuti zigongono zake zinali zopinda ndi zomasuka, mawondo atapana thanki, injini ikulira mofanana kuyambira polowera mpaka potulukira. Liwiro analichepetseratu ali pa dothi, giya anasankhiratu, ndipo atakwera pa zitsulo sanasinthenso chilichonse. Kuyenda pang'onopang'ono kwambiri nakonso sikuthandiza, chifukwa njinga ikatsala pang'ono kuima imasiya kudzichirikiza, munthu amatsitsa phazi, ndipo nsapato imaterera kapena kukola m'bowo. Kuima pakati pa mlatho ndiye kosayenera n'komwe: sitandi ya njinga imalowa m'bowo, ndipo kiyi kapena foni ikakupulumukani mwaitaya mumtsinje.

Mlamu wanga anati iye awoloka wapansi. “Alamu, ana anga akadali aang'ono,” anatero akuseka, ndipo sindinamukakamize. Ine ndimaona kuti wokwera kumbuyo amene ali ndi mantha ndi bwino atsike, chifukwa akayang'ana madzi pansi n'kudzidzimuka amapendeketsa njinga nthawi imene woyendetsa akufuna kuti iime chilili. Ndinawoloka pa giya yachiwiri. Njinga inagwedezeka ndithu, manja anafuna kufinya monga anazolowerera pa Cairo Road mu Lusaka, koma ndinawamasula n'kuyang'ana mtengo wa mango umene unali tsidya linalo mpaka matayala anagwiranso dothi.

Pamene ndinaona kuti pangapweteke munthu kwenikweni si pakati pa mlatho ayi, koma polowera ndi potulukira. Mvula imakokolola dothi pamene msewu umakumana ndi chitsulo, n'kusiya mlomo wakuthwa wotukuka ngati chikhatho, ndipo tayala likaugunda mopendekera limatsetsereka m'mbali. Pamafunika kufikapo njinga italunjika bwino, zokhota zonse zitathera kumbuyo. Magalimoto amabweretsanso matope pa mamita oyambirira, ndipo matope pamwamba pa chitsulo amaterera kuposa chitsulo chonyowa chokha. Amene amaika matayala a mapanga akuluakulu chifukwa cha misewu yafumbi adziwe kuti amenewo ndi amene amagwedezeka kwambiri pa zitsulozi, ndipo mpweya wa m'matayala uyenera kukhala wa mlingo umene opanga njinga analemba, osati wongoyesa ndi chala.

Pobwerera mvula inali itagwa usiku wonse. Tinapeza ngolo itatseka polowera, ng'ombe zitakana kuponda pamalo poonekera madzi pansi, ndipo mwini wake anachita kuzimasula pa goli n'kuzikoka imodziimodzi, anthu akukankha ngolo pambuyo. Ndinadikira kuti mlatho wonse ukhale wopanda kanthu, popeza pa chitsulo chonyowa simufuna chilichonse chokukakamizani kugwira buleki. Ndinapala matope a polowera ndi nthambi, ndinasankha mzere umene ng'ombe sizinasiyemo ndowe, ndipo ndinalowa ndi liwiro locheperapo kuposa la popita paja, koma losasintha. Tayala lakumbuyo linaterereka pang'ono potulukira, pamene chitsulo chimathera m'matope, n'kugwiranso lokha. Mlamu wanga anawolokanso wapansi atanyamula nkhuku imene apongozi anatipatsa, ndipo ku Nyimba tinathira petulo wokwanira kudutsa mapiri a Luangwa kubwerera ku Lusaka.