Mbiri ya moyo wanga, gawo 7: Kupita ku Joni ndi mapepala

Ndinalekezera pa kalata ija ya ku Rhodes University ku South Africa, yondipatsa malo oti ndikachite digiri yachiwiri ya za nsomba kuyambira February 2016. Nthawi imeneyo tawuni yakeyo inkatchedwabe Grahamstown, dzina la Makhanda linabwera mu 2018. Lero ndifotokoze zimene zinachitika pakati pa kulandira kalatayo ndi kukwera basi, chifukwa ambiri a inu mwakhala mukundifunsa za viza.

Kwathu kwa Chimwala, m'mphepete mwa nyanja ya Malombe, ulendo wa ku South Africa si nkhani. Chambo chitatha m'nyanjamo n'kungotsala kambuzi, anyamata ambiri anapachika makoka n'kulowera ku Joni. Nyumba zamalata zimene mumaona mukamachokera ku Liwonde kupita ku boma la Mangochi, zambiri ndi marandi. Mwana wa sitandade 5 angakutchulireni njira yonse: Mwanza, Zobue, Tete, Nyamapanda, Harare, Beitbridge. Choncho nditalengeza kuti ndikupita, palibe anadabwa. Chodabwitsa chinali chakuti sabata zinkangodutsa ine ndili pakhomo.

Amalume ndi amene analephera kupirira. Iwowo anakhala ku Durban zaka zambiri, ndipo anabwera mu April 2015 pa mabasi amene boma linatumiza kukatenga anthu athu chipolowe chothamangitsa obwera chitavuta. Anafika ndi chikwama chimodzi, koma za Joni ankazidziwa mpaka kunsi, ndipo pamudzi mawu awo pa nkhaniyi sankatsutsidwa.

"Mphwanga, pasipoti uli nayo, kalata ya sukulu uli nayo. Ukudikira chiyani? Pa boda akupatsa masiku 30 ulere. Kalowe, zinazo ukakonzera konko."

"Amalume, akuti lamulo linasintha."

"Lamulo la ku Joni undiuze ndiwe?"

Mbali ina ankanena zoona. Mmalawi wa pasipoti amalowa m'dzikomo popanda viza n'kupatsidwa masiku osapitirira 30 ngati mlendo. Koma kuyambira mu May 2014, malamulo atsopano ananena kuti munthu amene walowa ngati mlendo sangasinthe chilolezo chake kukhala cha sukulu ali m'dziko momwemo. Azikafunsira kwawo, ndipo apite yekha, osati kutuma munthu. Malamulo omwewo anachotsa zolipira faindi pa boda munthu ukapitiriza masiku. Tsopano amakudinda kuti ndiwe wosafunika: ukapitiriza masiku osakwana 30 sulowanso kwa chaka chimodzi, ukapitirira pamenepo n'zaka zisanu. Kwa amalume chidindo chimenechi sichinali choopsa, poti anthu awo ankadziwa njira zina zowolokera mtsinje wa Limpopo. Kwa ine chikanakhala mapeto a sukulu, chifukwa yunivesite silembetsa wophunzira wakunja amene alibe viza yokhala ndi dzina la sukuluyo.

Ndiye ndinayamba kusaka mapepala, ndipo apa m'pamene ndinaona kuti Mangochi ili kutali ndi zonse. Ofesi ya kazembe wa South Africa ili ku Lilongwe. Kalata ya ku polisi yotsimikiza kuti sunapalamulepo imatuluka ku likulu lawo ku Area 30, atakudinda zala, ndipo lamulo linkafuna kalata yotere kuchokera ku dziko lililonse limene unakhalako miyezi 12 kapena kuposa chikwanitsireni zaka 18. Ine mwayi ndinali ndisanatulukepo m'Malawi muno. Panalinso fomu ya dokotala yonena kuti thupi lili bwino, ndi ina yojambulitsa chifuwa pofuna kuona ngati ulibe TB. Izi ndiye ndinachitira ku boma komweko. Pasipoti iyenera kukhala ndi masamba awiri opanda chidindo, ndipo isathe mpaka patadutsa masiku 30 kuchokera pa tsiku lomaliza maphunziro. Msewu wa Golomoti ndi mapiri a Khwekhwelere ndinaziloweza m'miyezi imeneyo, ndipo madalaivala a maminibasi anayamba kundiyesa wageni.

Pepala limene linandisowetsa tulo ndi la medical aid. Lamulo limati wophunzira wakunja akhale ndi inshulansi ya chipatala yolembetsedwa ku bungwe la ku South Africa komweko, la Council for Medical Schemes. Ya kuno kwathu, kaya ndi yodula bwanji, siwerengedwa. Ndipo ankafuna umboni woti walipiriratu, m'marandi, usanaponde n'komwe dzikolo. Thandizo limene ndinapeza linali la fizi ndi chakudya basi. Mayi anagulitsa mbuzi, koma ndalama yake sinafike ngakhale theka.

Anandiwombola ndi msuweni wanga wa ku Cape Town. Mnyamata ameneyu analekezera sukulu fomu 2, ankagwira ntchito ya m'munda wa maluwa kunyumba ya mzungu, ndipo masiku ake ololedwa kukhala m'dzikomo anatha kalekale. Iyeyo akadwala ankaopa ngakhale kupita ku kiliniki. Koma atamva nkhani yanga pa WhatsApp, anapita ku banki ndi mnzake wa mapepala n'kukandilipirira ndalama yonse. Mpaka lero ndikamva anthu ophunzira akunyoza anyamata a ku Mangochi kuti sadziwa china koma kuthawira ku Joni, ndimangowayang'ana. Viza yanga yoyera ija inagulidwa ndi thukuta la munthu wopanda viza.

Fizi nayo ili ndi nkhani yake imene ambiri saidziwa. Mu 1997 atsogoleri a mayiko a SADC anasainirana pangano la zamaphunziro, ndipo anasainira ku Blantyre konkuno. Panganolo limati mayunivesite azisungira ophunzira a mayiko anzawo a m'chigawochi malo osachepera 5 pa 100 alionse, komanso kuti pa nkhani ya fizi aziwaona ngati eni dziko. N'chifukwa chake Mmalawi ku South Africa amalipira fizi yofanana ndi mwana wa konko, n'kungoonjezera ndalama ina imene sukulu imaika pa ophunzira akunja. Popanda pangano limeneli, mwana wa msodzi wa kambuzi sakanalota n'komwe. Digiri yanga ya ku Bunda nayo inayenera kudutsa ku SAQA, bungwe limene limayeza ngati pepala lakunja likufanana ndi lawo. Izo zinangofuna ndalama ndi kudikira.

Tsiku lokapereka mapepala ndinavala jekete lobwereka. Pamzere panali anthu amitundumitundu, ena opita kukachita unamwino, ena ubusa, wina mtsikana wamng'ono ali ndi bambo ake atanyamula faelo yonenepa kuposa yanga, poti wosakwana zaka 18 amafunikanso makalata a makolo ndi a munthu amene akamuyang'anire kumeneko. Tonse tinkasuzumirana m'mafaelo. Wina akatulutsa pepala limene iwe ulibe, mtima unkagunda. Bambo wina anabwezedwa chifukwa kalata yake ya ku polisi inali itapitirira miyezi isanu ndi umodzi, ndipo anatuluka akudziyankhulira. Pankafunikanso umboni woti uli ndi ndalama zodzisamalira, ndiye sitetimenti ya ku banki ndi kalata ya ondithandiza ndinaziika pamwamba penipeni.

M'faelomo munali kalata ina imene sindinaimvetse kulemera kwake mpaka nditakhala pansi n'kuiwerenga bwino. Ndi lonjezo la mkulu wolembetsa ophunzira pa yunivesite kwa a Home Affairs, amene amaona za olowa ndi otuluka m'dzikomo, loti adzawauza ngati ndalembetsa, adzawauza ngati sindinafike, ndipo ndikadzasiya kapena kuchotsedwa sukulu adzawadziwitsa pasanathe masiku 30. Ndiye kuti viza ya sukulu ili ngati chingwe cha mbuzi: umadya msipu wa pomwe akumangirira. Sungasinthe yunivesite mwakufuna kwako osapempha kaye, ndipo ukafuna kuonjezera nthawi uyenera kupempha kudakali masiku 60 isanathe.

Kudikira kunali kowawa chifukwa pasipoti inatsala komweko. December anafika, a ku Joni anayamba kubwera ndi mabokosi, njinga ndi mawailesi, ena atakwera matola kuchokera ku Blantyre katundu atasanjikiza mpaka pamwamba. Aliyense akandipeza pa msika funso linali limodzi: "Achimwene, simunapitebe?" Ena anayamba kunong'ona kuti kalata ija inali yabodza. Anganga anandiitana madzulo ena n'kundifunsa ngati pali munthu amene ndinayambana naye, poti ulendo sungamangike chonchi popanda dzanja la munthu. Ndinawauza kuti dzanja lake ndi la boma la eni ake. Sanakhutire, koma anandisiya.

Viza inatuluka mu January. Kapepala komata m'pasipoti, kolembedwa dzina la yunivesite ndi tsiku lothera. Amalume anaitenga, anaitembenuza uku ndi uku, n'kundiuza kuti ndiwawerengere zonse. Nditafika pa nkhani ya ntchito m'pamene zinavuta. Wophunzira wa pa yunivesite amaloledwa kugwira ganyu, koma osapitirira maola 20 pa sabata.

"Maola 20? Ine ku Durban maola amenewo ndinkamaliza masiku awiri. Ndiye utumiza chiyani kuno?"

"Sinditumiza kanthu, amalume. Mwina ndidzikupemphani ndinu."

Pakhonde panali zii. Ndinazindikira kuti banja lonse linali litawerengera kale: wina malata, wina fizi ya mwana, mayi feteleza. Kwa iwo munthu wopita ku Joni ndi munthu wopita ku ndalama, ndipo wopita ndi mapepala ndiye apeze zochuluka kuposa wodumpha. Zoti pepala lomwelo ndi limene likundimanga manja zinali zosamveka. Mlamu wanga anachita kunena poyera kuti bola akanatumiza mng'ono wanga, amene sakanataya nthawi ndi mabuku.

Amene anatseka nkhaniyo ndi mayi. Anati mwana wawo akupita kukaphunzira chimene chinathetsa chambo m'Malombe, ndipo amene akufuna malata akagwire yekha kambuzi. Amalume anaseka, n'kulowa m'nyumba, n'kutulukamo ndi jekete lawo lachikopa la ku Durban. Anati ku Eastern Cape, chigawo chimene kuli yunivesiteyo, kumazizira kuposa ku Dedza, ndipo ndisayerekeze kusiya pasipoti m'chikwama choika pansi pa basi.

Ndinanyamuka pa depoti ya pa boma m'mawa kulowera ku Blantyre kukakwera basi ya ku Johannesburg. Mmenemo ndinakhala mpando umodzi ndi mnyamata wa ku Makanjira amene ankapita koyamba, alibe nambala ya foni ya munthu aliyense kupatula ya womutenga. Zimene zinatichitikira awirife pa Beitbridge, pamene mzere unatigawa, ndidzafotokoza m'gawo 8.