Ulendo wa ku Khondowe: zimene tinakaona ku Livingstonia

Pamsonkhano wathu wapitawu munandipatsa ntchito yolemba za ulendo wa ku Livingstonia kuti anzathu amene anatsala amve nawo. Ndalemba mmene ndinaonera ine. Amene tinali nawo akaona kuti ndadumpha kanthu adzaonjezere tikakumana Loweruka.

Tinapita anthu 14, tonse a gulu lathu loperekeza alendo kuphiri la Nkhoma, kuphatikizapo amayi atatu amene amaphikira alendo. Ndalama tinasonkha miyezi isanu. Chimene chinatinyamula mukuchidziwa: kwathu kuno mlendo amakwera phiri m'mawa, masana watsika, wagula botolo la madzi, wapita. Tinamva kuti ku Livingstonia mlendo amagona masiku atatu, ena sabata yathunthu, pamudzi wa paphiri ngati wathu womwewu. Tinati tikaone ndi maso kuti amamugwira ndi chiyani.

Tinanyamuka Lachinayi tambala woyamba atangolira. Za msewu wa M1 sindichulutsa. Kasungu tinadutsa dzuwa litakwera, pa Jenda tinaima pachiwaya, ku Chikangawa aliyense anafunafuna juzi yake, ndipo tinagona ku Mzuzu. Lachisanu tinadzera ku Ekwendeni n'kulowa m'chigwa cha Henga. Kumeneko kuli msewu wabwino wokhotera ku Livingstonia, ndipo adalaivala ankafuna kudzera umenewo, koma atcheya anakana. Anati munthu amene sanakwere Gorodi, msewu wakale wokwera phiri kuchokera kunyanja, sanafike ku Livingstonia. Choncho tinatsika phiri la Chiweta, nyanja n'kutulukira mwadzidzidzi kumanja kwathu, mpaka tinafika pa Chitimba.

Apo m'pamene adalaivala anazimitsa injini, n'kuloza m'mwamba ndi kiyi. "Atcheya, minibasi iyi ndi ya eni. Uko ine sindikwera." Tinawanyengerera, osatheka. Lero ndikuti anachita bwino. Tinapeza matola, galimoto yapikapu yodzaza kale ndi matumba a ufa, malata anayi ndi makatoni a sopo, ife n'kukhala pamwamba pa katunduyo.

Msewu wa Gorodi ndi wa makilomita pafupifupi 15, ndipo uli ndi makona 20 opindika ngati chigongono. Tinkawerenga mokweza, koma pofika kona yachisanu ndi chimodzi owerenga anali atatsala awiri. Pakona ina galimoto inalephera kukhota kamodzi. Dalaivala anaibweza m'mbuyo, kumbuyoko kuli phompho, ndipo mnyamata wake anadumpha ndi mwala m'manja n'kuutsamiritsa kutayala. Anachita zimenezi akutafuna nzimbe, osatekeseka ngakhale pang'ono. Amayi asungichuma anakumbatira chikwama cha gulu pachifuwa n'kuyamba nyimbo ya kumaliro. Mayi wina wa komweko amene tinakwera naye, mwana ali kumsana, anawagwira phewa akuseka n'kunena mawu a Chitumbuka amene tonse tinawamva popanda womasulira: musaope, tafika kale. Tinali tisanafike ndi theka lomwe.

Pamwamba pake ndi dziko lina. Pa Chitimba tinkatuluka thukuta, kuno mphepo yozizira, mitengo italiitali, nyumba za njerwa zofiira zitandandalika m'mbali mwa msewu umodzi. Mudziwu uli mamita pafupifupi 900 pamwamba pa nyanja ya Malawi. Eni ake amautcha Khondowe, ndipo anthu a m'mapiri amenewa ndi Aphoka. Dzina la Livingstonia linachita kubwera, ndipo linayamba lagona malo awiri lisanafike kuno.

Mbiriyo anatifotokozera bambo wina wachikulire, mphunzitsi wopuma, amene anzathu a kumeneko anatipezera. Sanatiyimike pamalo amodzi ngati m'kalasi. Ankayenda, ife pambuyo, akafika pachinthu n'kuima. Amishoni a mpingo wa Free Church of Scotland analowa m'nyanja ya Malawi ndi sitima ya Ilala mu Okutobala 1875, patangopita zaka ziwiri David Livingstone atamwalira, ndipo anamanga ku Cape Maclear. Malungo anawatha. Mu 1881 anasamukira ku Bandawe, pakati pa Atonga, kumenenso malungo sanawasiye. Mu 1894 Dr Robert Laws anakwera mapiri ano kufunafuna malo opanda udzudzu wambiri, okhala ndi madzi ndi nthaka yolima. Bamboyo anatiimika pamulu wa miyala wosonyeza pamene Laws anagona usiku woyamba. "Koma sanagone yekha," anatero. "Anali ndi Uriah Chirwa. Alendo ambiri amalemba dzina limodzi m'mabuku awo. Inu lembani awiri."

Ndinalemba awiri. Kuyambira pamenepo ndinayamba kumva mmene mkuluyu amakambira nkhani yake. Akatchula mzungu, amatchulanso amene anasenza. Mapaipi obweretsa madzi kuchokera m'mapiri, makina opangira magetsi ndi mphamvu ya madzi amene anawunikira mudziwu kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, makina osindikizira mabuku, zonsezo zinatsika m'sitima kunyanja n'kukwera phiri lija pamitu ndi pamapewa a anthu a mtengatenga. Ife tinali titangokwera phiri lomwelo titakhala pansi, miyendo ikunjenjemerabe. Panalibe wofunsa kuti zinali zolemera bwanji.

Sukulu imene Laws anayambitsa inkatchedwa Overtoun Institution, potengera dzina la munthu wachuma wa ku Scotland amene anaithandiza ndi ndalama. Inkaphunzitsa aphunzitsi, abusa, akalaliki, amisiri a matabwa, omanga, osindikiza ndi othandiza m'chipatala. Mkulu uja anatchula ana a sukuluyi ngati akuwerenga ana ake obereka. Levi Mumba, pulezidenti woyamba wa Nyasaland African Congress mu 1944. Clements Kadalie, amene anakayambitsa bungwe la apantchito la ICU ku Cape Town mu 1919. David Kaunda, amene anatumidwa kukalalikira ku Chinsali, bambo ake a Kenneth Kaunda. Yesaya Zerenje Mwasi, Hezekiah Tweya ndi Jonathan Chirwa, abusa oyamba achikuda a mishoniyi, odzozedwa mu 1914. Apa anaonjeza kuti anthuwa anadikiritsidwa zaka zambiri atamaliza kale maphunziro, ndipo ena anatopa n'kuchoka kukayambitsa mipingo yawo. Sanabise. Ine ndinamukonda chifukwa cha chimenecho, poti mbiri yongotamanda yokhayokha imatopetsa ngati nsima yopanda ndiwo.

Laws anachoka mu 1927 atakhala m'dziko muno zaka 52. Nyumba yake ya miyala, Stone House, yomangidwa mu 1903, ilipobe, ndipo mbali ina ndi yosungiramo zinthu zakale: zithunzi, makalata, zida zachipatala. Koma chimene chinatiimika nthawi yaitali chili panja, pakapinga. M'mwezi wa Malichi 1959, boma la atsamunda litalengeza kuti dziko lili pangozi n'kuyamba kumanga atsogoleri a Congress, ndege inaponya uthenga pamishoni wofunsa azungu ngati akufuna kuwachotsa, ndipo anauzidwa kuyankha ndi chizindikiro pansi. Anthu a pamishoni, akuda ndi oyera, anakhala pansi n'kugwirizana kuti palibe achoke. Anandandalika miyala yopaka laimu n'kulemba vesi la Aefeso 2:14, lija lonena za Khristu kugumula khoma lolekanitsa anthu. Ndege itabwera inajambula zimenezo. Malembawo alipo mpaka lero. Mlembi wathu, amene pa Gorodi sanatulutse mawu, apa anavula chipewa.

Tinalowanso m'tchalitchi chachikulu. Pazenera la magalasi amitundumitundu pali chithunzi cha Livingstone ndi anzake a paulendo, nyanja ili kumbuyo kwawo. Ife a Sinodi ya Nkhoma tinauzidwa kuti tisadzione ngati alendo. A.C. Murray, amene anayambitsa mishoni yathu, atafika kuchokera ku South Africa mu 1888 anayamba wakhala ndi amishoni a Livingstonia asanakatsegule Mvera mu 1889. Ndipo CCAP inabadwira pa Khondowe pomwepa mu 1924, pamene a Livingstonia ndi a Blantyre analumikizana, a Nkhoma n'kulowamo mu 1926. Chipatala cha David Gordon Memorial tinangochiona kunja, chimodzimodzi yunivesite ya Livingstonia imene inatsegulidwa mu 2003. Ophunzira ake ndi amene amadzaza msika madzulo.

Loweruka linali la mathithi a Manchewe, ulendo wa pansi wosakwana ola limodzi kuchokera pamishoni. Madzi amagwa mamita 125, ndipo palibe mathithi ena aatali kuposa amenewa m'Malawi muno. Anyamata awiri anatitsogolera kanjira koterera kolowera kuseri kwa madzi, kumene kuli phanga. Umalowa chowerama, dzanja lili pathanthwe lonyowa, phokoso la madzi likutseka makutu. M'menemo ndi mmene Aphoka ankabisala nthawi ya nkhondo za Angoni ndi ya ogwira akapolo. Mnyamata mmodzi anatiuza kuti tikhale chete, n'kufunsa monong'ona: "Mwana akalira muno, kunja angamve?" Tinayesa. Mnzathu anatsala panja, ife tinakuwa tonse pamodzi, iye sanamve kanthu. Mnyamatayo sanafotokozenso china. Nsapato yanga inathera pamenepo, ndipo ulendo wotsala ndinauyenda ndi patapata wobwereka.

M'mphepete mwa phompho, kufupi ndi mathithiwo, muli malo ogona alendo monga Lukwe ndi Mushroom Farm, okhala ndi minda yawoyawo ya ndiwo zamasamba ndi khofi. Ukakhala pakhonde umaona nyanja yonse pansi, kutsidya mapiri a ku Tanzania. Alendo ambiri amene tinakumana nawo anali ochokera kunja, achinyamata a zikwama kumsana. Amalawi tinali ife ndi ana a sukulu ina ya sekondale. Kuchokera pamenepo alendo amapita kuphiri la Chombe, ulendo wa tsiku lathunthu, ena amayenda masiku angapo kuchokera ku Nyika n'kudzatsikira konkuno. Apa ndinaona yankho loyamba la funso lathu lija: mlendo ali ndi chochita Lolemba, china Lachiwiri, china Lachitatu, ndipo chilichonse chili ndi womuperekeza wake.

Madzulo ake tinakhala pansi ndi operekeza alendo a kumeneko, asanu ndi awiri, tikulankhula Chichewa chosakaniza ndi Chitumbuka. Iwonso ali ndi zawo. Miyezi ya mvula alendo amachepa kwambiri. Ana ena amathawa sukulu n'kumathamangira azungu kumathithi, kutsitsa mtengo wa amene anaphunzira ntchitoyi. Ndipo msewu wabwino uja, umene aliyense ankaulira, wabweretsanso alendo a galimoto zawo amene amafika masana, kujambula tchalitchi, n'kubwerera kukagona ku Mzuzu. Pamenepa tinaseka, chifukwa ndi matenda athu omwe aja. Tinakambirana za mitengo. Iwo amauza mlendo mtengo asananyamuke, ndipo Mmalawi salipira mofanana ndi wakunja. Atcheya anaikonda mfundoyi, asungichuma ayi, ndipo mkanganowo tabwera nawo.

Kenaka mtsikana wina wa gulu lawo anafunsa: "Nanga phiri lanulo, achimwene, nkhani yake ndi yotani?"

Ndinayankha kuti pamwamba pamaoneka bwino, munthu amaona mpaka mapiri a ku Dedza. Anadikira. Mnzanga anaonjeza kuti pali kanyumba kogona alendo. Anadikirabe. Kunena zoona manyazi anandigwira, chifukwa ndakwera phiri la Nkhoma kosawerengeka, ndipo chimene ndimauza alendo ndi chakuti asamale poterera.

Anatipulumutsa ndi amayi aakulu pa ophika athu aja, amene ulendo wonse sanalankhule zambiri. Anakonza chitenje n'kuyamba: kuti anthu a Mfumu Mazengera ankakhala pamwamba pa phirilo pothawa Angoni, kuti ankalima m'munsi maso ali kunjira, kuti amishoni anafika pa Nkhoma mu 1896 anthu akadali m'phiri, ndipo anatsika pang'onopang'ono nkhondo zitatha. Anati agogo awo ankawaonetsa pamene panali nyumba, ndi pamene ankasinjira. Anyamata a ku Manchewe aja anatchera khutu ngati mmene ife tinachitira kuphanga kwawo. Mmodzi anati, "Ndiye kuti ifenso ndi inu tinathawa anthu amodzi." Ine ndinafunsa, "Amayi, bwanji simunatiuzepo?" Anati, "Munandifunsapo liti? Inu mumandifunsa ngati nyemba zapsa."

Lamulungu tinapemphera nawo m'Chitumbuka, nyimbo zina tikuzizindikira ndi maimbidwe okha. Potsika, gulu linagawikana. Asanu ndi mmodzi tinatsika Gorodi wapansi podzera njira zachidule, maola atatu, mawondo akuwawa. Otsalawo anakwera matola, ndipo asungichuma akuti ulendo uno anatseka maso kuyambira kona yoyamba mpaka pa Chitimba. Adalaivala tinawapeza atanenepa ndi kondowole ndi usipa.

Zimene tinagwirizana m'minibasi pobwerera, zoti msonkhano uvomereze kapena ukane, ndi izi. Anthu anayi apite ndi amayi aja kwa akuluakulu a m'midzi ya kwa Mazengera, atapempha kaye chilolezo kwa mafumu, akajambule mawu awo pafoni ndi kuonetsedwa malo enieniwo m'phiri. Nkhani ya mitengo iwiri ikambidwe pamaso pa onse. Anzathu a ku Khondowe tawaitana kuti abwere mvula isanayambe, ndipo avomera, koma ati tikawalandire ndi nkhani, phiri ali nalo kale kwawo. Ndalama zotsala paulendo zili ndi asungichuma pamodzi ndi malisiti, kupatula ya matola a pa Gorodi, poti mnyamata wa mwala uja analibe pepala.