Mbiri ya moyo wanga, gawo 7: Ndowa za usipa

Zikomo nonse amene munandilembera pa gawo lapitalo. Achemwali a ku Kasungu, munafunsa ngati alamu anga aja anabweza makina osokera. Sanabweze mpaka lero, ndipo nkhaniyo ndinaisiya m'manja mwa Mulungu.

Tinalekezera pamene ndinapeza benchi pamsika wa Zigwagwa ku Mzuzu, bambo a ana atatisiya. Chinali chaka cha 2011, mafuta atasowa, galimoto zikugona pamizere. Ife a usipa tinkatsikira ku Nkhata Bay aliyense payekha. Mtundawo sukwana makilomita 50, koma thiransipoti inkadya phindu lonse, ndipo asodzi akationa tikulimbirana ndowa imodzi ankangokweza mtengo. Zinkandiwawa kuona amayi asanu a mzere umodzi atakhala mu minibasi imodzi, aliyense atabisa ndalama zake kumpango, osalankhulana.

Ndinayamba ndi amake mapasa. Ine wa ku Dedza, Chitumbuka changa chinali "monire" ndi "yewo" basi, ndiye iwo ndiwo ankandimasulira tikamayenda benchi ndi benchi. Mawu anga anali amodzi: tisonkhe ndalama, azipita awiri okha, otsala aziwagulitsira katundu wawo. Ena anandiseka, ena ankati mlendo akufuna kutibera. Pamapeto pake tinakwana khumi ndi awiri.

Mvula itayamba, inali nthawi yanga yopita. Pobwera, tikukwera mapiri aja, galimoto inafera panjira ndipo lona inali yobooka. Tinagona pomwepo. Usipa unanyowa, pofika m'tauni unali utayamba kununkha. Tinakumana kunyumba kwanga ku Chibavi. Mayi wina, amene ndinkamupatsa ufa ana ake akagona ndi njala, anaimirira n'kunena kuti, "Amayi inu mwadya ndalama zathu, usipa wowolawu mwachita kutola." Mwana wanga wamkulu anali pakhomo, mbale ili m'manja. Anandiyang'ana. Maso amenewo ndimawaonabe. Pakamwa panauma, ndinangoti duu, ndikuyang'ana mphasa. Usiku umenewo ndinalira mwakachetechete kuti ana asamve, ndikudzifunsa kuti ndinazitengeranji za anthu pomwe zanga zomwe zinali zitandikulira.

M'mawa ndinagulitsa njinga ya malemu, chinthu chokhacho chimene alamu anandisiyira. Wina analemba kuti ndinachita zimenezi pofuna utcheya. Ayi bambo, ndinkafuna mwana wanga adziwe kuti amake si akuba.

Nditabweretsa ndalamazo, agogo ena a m'gulu lathu, ogulitsa tomato, anakana kulandira gawo lawo. Anati, "Mwana wanga, mvula sinagwe ndi iwe. Tikadapindula bwenzi tikugawana, nanga kuluzaku n'kwa mmodzi bwanji?" Amayi asanu ndi awiri anachita chimodzimodzi. Ndalama zotsalazo ndi zimene tinayambira thumba la pangozi, ndipo tinagula kope loti aliyense wopita kunyanja azilembamo ndowa iliyonse, mnzake n'kusainira.

Zaka zinayenda, gulu lija linasanduka banki mkhonde, tinawonjezera mpunga wa Kilombero wa ku Karonga. Mayi wonditukwana uja anabweranso patapita zaka ziwiri, ndipo ndine ndinawapempha anzanga kuti amulandire. Amake mapasa sanandilankhule sabata yathunthu chifukwa cha zimenezo. Momwe tinagwirizanirana ndidzakuuzani gawo likubwerali, chifukwa mpamenenso pakubwera nkhani ya poloti ya ku Luwinga.