Kukwera phiri la Domwe ndi kubwerako tsiku lomwelo

Aliyense amene anadutsako ku Angonia kunja kuli koyera analiona phiri la Domwe. Nsonga yake ili pa mamita pafupifupi 2,095, ndipo ndi amodzi mwa malo okwera kwambiri m'chigawo chonse cha Tete, ku Mozambique. Gulu la anthu asanu ndi mmodzi kapena asanu ndi atatu likhoza kukwera n'kutsika dzuwa lisanalowe, ngakhale anthuwo asanakwerepo phiri chibadwire, bola akhale ndi wowatsogolera wa pamudzi ndiponso azilemekeza nthawi. Maulendo ambiri otere amasokonekera pa nthawi pomwepa, anthu ali ndi mphamvu zawo ndithu.

Ngati mukuchokera mumzinda wa Tete kapena ku Moatize, musaganize zonyamuka m'mamawa n'kukakwera tsiku lomwelo. Kukafika ku Ulongwe ndi makilomita oposa 200, kutsata msewu wa N7 mpaka pa Mussacama kenako kukhotera mu N304, ndipo chapa (minibasi) sichinyamuka chisanadzaze. Kagoneni ku Ulongwe. Madzulo omwewo pezani galimoto kapena njinga zamoto zokakutulani m'munsi mwa phiri, mugwirizane mtengo wa ulendo wopita ndi wobwerera pamodzi, mupereke theka, theka linalo pobwerako. Tengani nambala ya woyendetsayo anthu awiri, osati mmodzi. Mamitikali ena akhale m'thumba, chifukwa M-Pesa ndi e-Mola zimadalira netiweki, ndipo kumudzi si aliyense amene angalandire ndalama pafoni.

Phiri lili ndi eni ake. Angoni a kwa Maseko anakhazikika m'dera la Domwe kalekale Apwitikizi ndi Angerezi asanadule malire mu 1891, ndipo mpaka lero anthu a kuno ndi a kutsidya ku Dedza ndi ku Ntcheu ndi apachibale. Choncho simungangotsika galimoto n'kuyamba kukwera ngati kuti mwalowa m'munda wa bambo anu. Mmodzi wa inu apite kwa mfumu ya mudzi umene mukayambire kudakali sabata imodzi, alonjere mwaulemu, anene kuti ndinu angati, mukubwera tsiku liti, ndipo mukufuna chiyani kuphiriko. Kanthu ka m'manja, kaya ndi shuga, sopo kapena ndalama pang'ono, n'koyenera. Afunseni a mfumuwo kuti akupatseni munthu wodziwa njira, ndipo afunseninso malo amene simuyenera kupondako. Nkhalango yowirira imene yatsala yokha pakati pa minda nthawi zambiri imakhala manda, ndipo kwa Achewa ndi kumene kumakhala dambwe la Gule Wamkulu. Munthu wosalowa gule sayandikirako, sajambulako zithunzi, sakathyolako ngakhale kamtengo kopangira ndodo. Safunsa anadya phula.

Wotsogolera wabwino si mnyamata wothamanga kwambiri pamudzi. Sankhani munthu amene amapita kuphiriko kawirikawiri, monga wodyetsa ng'ombe, wofula njuchi kapena womweta udzu, amene angakuuzeni pamene pali kasupe wosaphwa ndiponso mbali imene nkhungu imayambira. Mufunseni kuti anakwera liti komaliza. Mugwirizane malipiro musananyamuke, ndipo chakudya chake ndi madzi ake zikhale pa inu.

Miyezi yabwino ndi kuyambira May mpaka August. Mvula imakhala italeka, mpweya uli woyera, ndipo maso amafika patali. Mu May udzu umakhala ukadali wautali ndi wamame, moti mathalauzi amanyowa mpaka m'chiuno ola loyamba lisanathe. Mu September ndi October kumatentha, utsi wa moto wa m'tchire umaphimba zonse zimene munakwerera kuti muone, ndipo motowo ndi woopsa. Kuyambira December mpaka March ife timati lekani: matanthwe amaterera, ziphaliwali zimakonda pansonga, ndipo misewu ya fumbi imasanduka matope.

Tsopano nkhani ya nthawi, imene ndi yofunika kuiwerengera papepala. Mu June dzuwa limatuluka cha m'ma 6 koloko n'kulowa isanakwane hafu pasiti 5, ndipo likangolowa mdima umagwa pasanathe theka la ola. Kwa anthu osazolowera, werengerani ola limodzi pa makilomita 4 aliwonse, kenako muwonjezere ola linanso pa mamita 400 aliwonse okwera. Foni yokhala ndi GPS imakuuzani kukwera kwa malo amene mwaima. Tiyerekeze kuti mudzi umene mukuyambira uli pa mamita 1,400 ndipo njira ndi ya makilomita 5. Mamita otsala ndi pafupifupi 700, ndiye kuti ola limodzi ndi mphindi 15 za mtunda, kuphatikiza ola limodzi ndi mphindi 45 za chikweza, zonse pamodzi maola atatu. Mukaikapo mphindi 10 zopuma pa ola lililonse, akukwana maola atatu ndi theka. Mukanyamuka hafu pasiti 6, pansonga mufikapo cha m'ma 10 koloko. Kutsika musakuchepetse, kupatseni maola atatu, chifukwa mawondo amakhala atatopa ndipo gulu limayenda mosamala.

Musananyamuke, gwirizanani ola lobwerera, ndipo aliyense alimve ndi makutu ake. Ife timaika 12 koloko masana. Ikakwana 12 musanafike pansonga, tembenukani pomwepo, ngakhale nsongayo ikuoneka ngati ili apa. Phiri limanamiza maso: mumaona ngati mwafika, mukakwera pamenepo n'kupeza kuti kuseri kuli chikweza china. Maola amene atsala pakati pa 3 koloko ndi kulowa kwa dzuwa ndi osungira zovuta. Munthu mmodzi akabinya mwendo, ulendo wa maola atatu umasanduka wa maola asanu kapena asanu ndi limodzi.

Pamzere, wodziwa njira akhale patsogolo, ndipo wotsatana naye akhale amene akuyenda pang'onopang'ono kuposa onse. Ambiri amachita mosemphana: amphamvu amathamangira kutsogolo, n'kukakhala pamwala kudikira, wofookayo akangofika iwo n'kunyamukanso. Mapeto ake wotopa kwambiriyo ndi amene sapuma n'komwe. Kumbuyo kukhale munthu wamphamvu ndi wodekha, wonyamula thumba la mankhwala, ndipo pasapezeke womutsalira kumbuyo. Liwiro loyenera ndi limene munthu angathe kulankhula chiganizo chonse osabanika. Pa mphambano iliyonse imani, muwerengane. Wina akafuna kupatuka kukadzithandiza, anene, gulu lonse lidikire. Gulu lisachepere anthu anayi, chifukwa wina akavulala, mmodzi amatsala naye ndipo awiri amapita kukaitana anthu.

Anzathu a ku Tete, amene munazolowera kutentha kwa m'mphepete mwa Zambezi, kuzizira kwa kuno musakupeputse. Mpweya umazizira ndi madigiri pafupifupi 6 ndi theka pa mamita 1,000 aliwonse okwera, ndiye pakati pa mzinda wa Tete ndi nsonga ya Domwe pali kusiyana kwa madigiri 12 kapena 13, mphepo tisanaiwerengere. Pokwera mumatuluka thukuta, malaya n'kunyowa, mukaima pamwamba mphepo n'kukuwombani. Apa ndi pamene thupi limataya kutentha msanga. Yambani ulendo mutavala zopepuka, juzi ili m'chikwama, ndipo muivale mukangoima musanayambe kunjenjemera. Tengani malaya ena ouma okasintha pamwamba, chipewa, ndi jekete yosalowa madzi kapena pulasitiki yaikulu. Kapulana (chitenje) imodzi isasowe m'chikwama cha aliyense: imafunditsa, imamanga bala, ndipo ziwiri kapena zitatu zikakulungidwa pa mitengo iwiri zimapanga machila. Mukaona mnzanu akunjenjemera kosalekeza, akupunthwa pamalo abwinobwino, kapena akuyankha zosagwirizana ndi funso, muchotseni pamphepo, mumuvule zonyowa, mumufunditse, mumupatse chakumwa chotentha cha shuga, kenako mutsike naye. Kachasu kapena mowa uliwonse musamupatse. Umachititsa munthu kumva ngati wafunda pamene thupi likutaya kutentha kwambiri.

Madzi akhale malita awiri ndi theka kapena atatu pa munthu nyengo yozizira, ndipo anayi ngati kukutentha. Imwani pang'onopang'ono nthawi zonse, musadikire ludzu. Madzi a pakasupe kapena mumtsinje amene ng'ombe zimamwamo athireni mankhwala oyeretsa madzi a Certeza motsata zolembedwa pabotolo, mudikire mphindi 30. Wina akayamba kupweteka mutu, kukokana minofu kapena chizungulire, sungunulani masupuni aang'ono 6 a shuga ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere mu lita imodzi ya madzi, azimwa pang'onopang'ono ali pamthunzi. Kamba wa paulendo ndi wodziwika: mbatata yophika, mtedza wokazinga, nthochi, mazira owiritsa, buledi, ndi botolo la thobwa. Idyani musananyamuke, kenako muzidya pang'ono pa maola awiri aliwonse. Chikwama chonse chisapitirire makilogalamu 6 kapena 7, ndipo chikhale choberekera kumsana kuti manja onse awiri akhale omasuka.

Nsapato zikhale zimene phazi linazizolowera, zamano pansi. Zatsopano zimatulutsa matuza, ndipo mapatapata amavuka pa chitsikira. Wengani zikhadabo za kumapazi dzulo lake, apo ayi potsika zala zimagunda kutsogolo kwa nsapato mpaka chikhadabo kuda n'kudzachoka. Mukangomva pamene pakuwotcha pa chidendene, imani mumatepo pulasitala thuza lisanatuluke.

Nkhungu ikagwa muli pamwamba, chinthu choyamba ndi kusonkhana pamodzi. Musamwazikane kuti aliyense afune njira. Ngati wotsogolera sakuitsimikiza njira, khalani pansi, mufunde, mudikire, chifukwa kawirikawiri nkhungu imang'ambika kwa kanthawi n'kuonetsa pamene muli. Kutsata kamtsinje kuti kakufikitseni pansi n'koopsa, pakuti madzi amadumpha pamaphompho pamene munthu sangadutse. Wezulo imodzi kutsogolo ndi ina kumbuyo zimathandiza. Gwirizanani kuti kuliza katatu ndiye kuti imani, pali vuto. Mukaona mphezi, werengani masekondi mpaka mumve kugunda. Masekondi atatu ndi kilomita imodzi. Akachepera 30, chokani pansonga ndi pamsana pa phiri, musabisale pansi pa mtengo woima wokha, ndipo mutalikirane.

Moto wa m'tchire umathamanga kwambiri pokwera kuposa potsika, chifukwa malawi amayamba awumitsa ndi kutenthetsa udzu umene uli pamwamba pake. Munthu sangaupose pa chikweza. Mukaona utsi m'munsi mwa njira yanu, pitani chammbali, mufune thanthwe lalikulu lopanda udzu kapena lupsa pamene papsa kale. Inunso musasonkhe moto kuphiri, ndipo wosuta fodya azimitse chotsalira pamwala.

Njoka yofunika kuisamala kwambiri ndi mphiri, chifukwa siithawa ikamva mapazi, imangogona panjira kuwothera dzuwa. Pondani pamwamba pa mwala kapena chipika muone kaye kuseri, ndipo musapise dzanja m'mphako. Wina akalumidwa, musatemepo, musayamwe, musamange mwendo mothinitsa. Muvuleni mphete ndi zibangiri, mumange mwendowo ku kamtengo kuti usagwedezeke, mumunyamule pa machila, galimoto ikamutengere kuchipatala ku Ulongwe. Chitedze muchidziwe ndi maso, ndipo chikakugwerani musakande. Mukamva njuchi zikulira m'thanthwe, dutsani mwakachetechete. Ndipo ngakhale Mozambique inalengeza mu 2015 kuti mabomba okwirira odziwika onse anachotsedwa, chitsulo chilichonse chadzimbiri chosadziwika chimene mungachione m'tchire musachigwire; kumbukirani malowo, mukawauze a mfumu.

Pamwamba, kukakhala koyera, minda ya chimanga, nyemba ndi mbatata ya kachewere imaoneka ngati zigamba za nsalu, midzi ili apo ndi apo, ndipo kutsidya kwa malire kukuoneka mapiri a ku Dedza. N'zokoma kwambiri moti anthu amaiwala wotchi. Mphindi 40 mpaka ola limodzi n'zokwanira kudya, kusintha malaya ndi kujambula. Pojambula musabwerere chafutambuyo maso ali pa kamera. Dziwaninso kuti kufupi ndi malire foni ikhoza kugwira netiweki ya Airtel kapena TNM ya ku Malawi m'malo mwa Movitel kapena Vodacom, ndalama n'kutha mosadziwa. Foni imodzi ikhale yozimitsa m'chikwama, batire lili lodzaza, yosungira ngozi. Tochi ziwiri kapena zitatu zikhalepo pagulu ngakhale mukuyembekeza kubwerako masana.

Ngozi zambiri zimachitika potsika. Udzu wouma wogona umaterera ngati sopo, timiyala tating'ono pamwamba pa thanthwe timagubuduza phazi, ndipo maganizo amakhala atafika kale kunyumba. Mangani zingwe za nsapato mothinitsa musanayambe kutsika. Pondani mapazi afupiafupi, mawondo opinda pang'ono, ndodo ili kutsogolo. Pamalo otsetsereka a miyala yosakhazikika dutsani mmodzimmodzi, kuti mwala wogubuduzika usapeze munthu m'munsi, ndipo amene waugwetsa akuwe kuti "mwala!" nthawi yomweyo. Wina akabinya kakolo, mumange ndi bandeji kapena kapulana nsapato ili kuphazi, chifukwa mukaivula phazi limatupa osalowanso. Ngati sangathe kuponda ngakhale mapazi anayi, ganizirani kuti fupa lathyoka, ndipo pafunika anthu osachepera asanu ndi mmodzi osinthana pa machila, ndiye tumani awiri kumudzi msanga.

Mukafika pansi, werenganani komaliza, mapepala ndi mabotolo onse ali m'zikwama zanu. Mulipireni wotsogolera pamaso pa anzanu ndalama imene munagwirizana, kenako mudzere kwa a mfumu kukanena kuti mwatsika nonse. Mukapanda kutero, kukada iwo adzatuma anyamata ndi miuni kukafuna anthu amene ali kale pa chapa.