Njinga ya two-stroke ikamazima ikatentha, musayambire ku kabureta

Njinga zamoto zakale za Yamaha, DT125 ndi AG100, zikadali zambiri muno mu Lusaka. Injini yake ndi yosavuta: ya two-stroke (yowotcha petulo limodzi ndi oyilo), silinda imodzi, yopanda mavalavu kumutu, yozizira ndi mphepo. Koma dandaulo la eni ake ndi limodzi, kaya ku Matero kaya ku Chongwe. M'mawa imalira ndi kiki imodzi, mwayenda mphindi 15, yazima. Mukapuma pang'ono pamthunzi, yaliranso ngati palibe chachitika. Apa ambiri amathamangira kumasula kabureta, chida chosakaniza petulo ndi mpweya, pomwe kawirikawiri kabureta alibe mlandu.

Umboni umapezeka nthawi yomwe yazimayo, injini ikadali yotentha. Mukaikankhira kwa makaniko, imafika itazizira ndipo imalira bwinobwino pamaso pake. Choncho muziyenda ndi sipanala ya pulagi ndi pulagi ina yatsopano. Ikangozima, zulani kapu ya pulagi, lowetsanimo pulagi yatsopanoyo, igunditseni pachitsulo cha injini, kenaka pondani kiki. Gwirani pa labala yokha, chifukwa magetsi ake amanjenjemeretsa mkono mpaka paphewa. Moto wabwino ndi wabuluu ndipo umamveka kuti tswa. Ukakhala wachikasu, wofooka, kapena palibiretu, vuto lili kumagetsi.

Kumagetsiko, woyamba kumukayikira ndi koyilo, imene imatumiza magetsi amphamvu ku pulagi. Waya wa m'kati mwake ndi wopyapyala ngati tsitsi. Akakalamba amakhala ndi pothetheka, pomwe pamagundana akazizira n'kulekana akatentha. N'chifukwa chake njinga imadzuka yokha ikapuma. Pa njinga zakale za mapointi (tizitsulo tiwiri totseka ndi kutseguka kuti moto ufike ku pulagi), kondensa, kachipangizo koteteza mapointiwo, imachitanso khalidwe lomweli, ndipo mudzaona mapointi atapsa, atakumbika timaenje. Apalenipo ndi sandipepa yosalala, mudutsemo kapepala koyera kuti muchotse fumbi ndi mafuta, kenaka muike mpata wa 0.3 mpaka 0.4 mm pomwe atseguka kwambiri. Kondensa sakonza, amangosintha. Pa njinga za CDI, zimene zili ndi bokosi la magetsi m'malo mwa mapointi, yesani kaye koyilo ya kuseri kwa flywheel (gudumu la maginito la pa injini) musanagule bokosi la CDI, pakuti bokosilo ndi lokwera mtengo ndipo silifa kawirikawiri monga anthu amanenera.

Musanaononge ndalama, pali tinthu tiwiri taulere. Waya wozimitsira injini, pa Yamaha ndi wakuda wa mzere woyera, akanyuka n'kukhudza felemu amapha moto wonse. Mchotseni pomwe walumikizidwa, muyesenso. Kapu ya pulagi nayo imachita dzimbiri m'kati, makamaka mvula ikayamba mu Novembala. Ipotozeni ichoke, dulani waya wokhuthalayo ndi 5 mm, muibwezeretse. Kapu zambiri zimaonetsa pafupifupi 5 kΩ pa mita yoyezera magetsi. Mpata wa pulagi ukhale pafupifupi 0.7 mm.

Ngati moto ulipo wabuluu, tsegulani chivindikiro cha thanki mukumvetsera. Mukamva kuti fuu, kabowo kolowetsa mpweya katsekeka ndi fumbi, ndiye petulo amalephera kutsika. Fumbi la Seputembala ndi Okutobala limatseka kabowoka msanga, ndipo singano ndi yokwanira kukatsegula. Kenaka zulani paipi pa kabureta, tsegulani tapu: petulo azituluka mosadukiza, osati kudontha. Khuthulirani wa m'kambale ka pansi pa kabureta m'botolo loonekera. Madzi amakhala pansi ngati timikanda, ndipo petulo wogula m'zigubu ndi amene amabwera nawo.

Kabureta imasuleni pokhapokha ngati njinga imazima mukangosiya mafuta, koma imayenda bwino mukakoka. Pamenepo jeti yaing'ono yatsekeka. Iuzireni ndi mpweya, osaitokosa ndi waya wachitsulo, mungakulitse bowo. Sikulu ya mpweya ya pa kabureta itsekeni mosakakamiza, muibweze kamodzi ndi theka, n'kuyambira pamenepo kuichuna.

Pulagi yakaleyo musaitaye musanaiyang'ane. Yabwino imaoneka ngati tiyi wothira mkaka pang'ono. Yakuda, yonyowa, ikunena kuti mafuta achuluka. Lusaka ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,300, mpweya ndi wopepukirapo, ndiye njinga imene ikadali ndi majeti a kufakitale imapendekera kumbali imeneyo. Tsukani siponji ya fyuluta, iume, muipake oyilo pang'ono n'kuifinya. Zikapitirira, kwezani kilipi ya singano ya kabureta ndi mzere umodzi, singanoyo itsike. Umodzi wokha. Ndipo amene amatsikira kuchigwa, ku Chirundu kapena ku Luangwa, asiye momwe zilili, chifukwa kumeneko mpweya ndi wochuluka ndi kutentha komwe, ndiye mukachepetsa mafuta pisitoni ingagwire.

Pulagi yoyera mbee ndiyo yoopsa. Ikaphatikizana ndi injini imene imachedwa kutsika mukasiya mafuta, kapena imangokwera yokha, dziwani kuti ikuba mpweya penapake. Yang'anani labala yolumikiza kabureta ndi silinda ngati yang'ambika, kenaka silu ya kirankishafuti ya kumanzere, kuseri kwa flywheel. Silu ya kumanja ikatha imayamwa oyilo wa giyabokosi: utsi umakhala woyera, wochindikala, wonunkha mwachilendo, ndipo oyilo amatsika popanda podontha. Pochotsa flywheel gwiritsani chozulira chake. Nyundo imapinda kirankishafuti. Mukachotsa, onaninso kakiyi kooneka ngati mwezi wa theka, pakuti kakameteka moto umafika nthawi yolakwika ndipo kiki imabwezera kuphazi.

Njinga zambiri zakalezi anazichotsa kale pampu ya Autolube, imene imathira yokha oyilo mu injini. Ngati yanu ili choncho, thirani 30 mpaka 40 ml ya oyilo wa two-stroke (2T) pa lita iliyonse ya petulo, musakanize m'chigubu musanathire m'thanki. Oyilo wa galimoto amasiya mwaye umene umatseka pulagi ndi ekizozi, ndipo pakapita miyezi yochepa mudzayambanso kukankha njinga pa Great East Road dzuwa likuswa mtengo.